Anamufupa Asanaponde Mzere

Sabata ino ndikulemba nditapsa mtima, ndiye mawu ena akatuluka ndi minga mundikhululukire. Amene andipsetsa mtima si andale, si makondakitala a minibasi. Ndi achemwali anga enieni, a bere limodzi, mayi wopemphera komanso wolimbikira ntchito, amene ine ndimawalemekeza kuposa anthu ambiri.

Loweruka lapitali, pabwalo lina pa Boma pano, panali mpikisano wothamanga wa ana a masukulu a sekondale. Mwana wa achemwali angawo, Edina, amene ali Fomu 3 pasukulu yoyendera kwathu ku Thambani, anali m'gulu la atsikana a mtunda wautali, uja amazungulira bwalo mpaka ife oonerera kuyamba kumva chizungulire. Lamulo lake linali losavuta. Awiri oyamba akaimira boma lathu ku Blantyre. Wachitatu angoomberedwa m'manja n'kubwerera kwawo.

Edina sanafikepo ku Blantyre. Dzinalo amangoliwerenga pa zikwangwani za minibasi akabwera kudzacheza kwa ine, malume ake. Ulendo umenewu anauika pamtima chaka chathunthu.

Ndipo anauvutikiradi. Chaka chatha anathamanga mpikisano womwewu, nayamba ndi liwiro la mtondo wadooka, anthu n'kumakuwa kuti kwabwera mphepo. Pofika pakati mpweya unamuthera, anamaliza akuyenda atagwira m'nthiti. Aphunzitsi ake a zamasewera, a Tembenu, bambo wochepa thupi ndi wochepanso mawu, sanamukalipire. Anangomuuza kuti mphamvu zili ngati ufa wa mwezi wonse, suuphika wonse tsiku limene wachokera kuchigayo.

Kuyambira pamenepo Edina ankadzuka mbandakucha, kuthamanga mumsewu wafumbi, kenako kutunga madzi, kusesa, n'kupita kusukulu. A Tembenu anamulangiza kuti asamaganize za mtunda wonse chifukwa zimafooketsa. Aziyang'ana mtengo wa mango uli patsogolo. Akaudutsa, ayang'ane mjigo. Akadutsa mjigo, ayang'ane tchalitchi. Koma mawu amene ankawabwereza kwambiri, malinga ndi mwiniwake Edina, anali akuti, "Usaime usanaponde mzere. Ngakhale uone kuti kumbuyo kulibe munthu, usaime."

Anthu a m'mudzi ankamuseka. Ena ankafunsa kuti kodi mwana ameneyu akuthawa chiyani m'mawa uliwonse. Mayi ake omwe, achemwali anga a Felesiya, ankadandaula kuti mtsikana wamkulu sathamanga chisawawa, miyendo idzalimba ngati ya anyamata opalasa makala. Koma tsiku la mpikisano litafika anagulitsa dengu la manachesi, nakwera matola, n'kutulukira pa Boma atavala chitenje chatsopano, china atachipinda bwino m'chikwama. Ine sindinafunse kuti chachiwiricho n'chachiyani.

Tinakhala pamodzi m'mbali mwa bwalo. Mabwalo athu mukuwadziwa. Palibe mpanda, palibe chingwe, mizere amailemba ndi laimu, ndipo chimene chimalekanitsa wothamanga ndi woonerera ndi ulemu basi. Kutsidya kwa bwalo ndinaona amayi awiri atakhala pabenchi, ambulera ili pamutu. Anali azakhali ake a Edina, alongo a bambo ake. Bambowo anapita ku Tete kukafuna ntchito mwana akadali wakhanda, mpaka lero sanabwerere, ndipo abale awo, ngakhale amakhala pa Boma pompano, sitiwaonaona. Koma mbiri yoti mwana wa mchimwene wawo ndi katswiri inawapeza.

Wezulo italira, atsikana ena ananyamuka ngati aponda moto. Edina anakhala pakati, osapupuluma.

"Achimwene, mwana uja wadwala kapena?" anatero achemwali akundikoka malaya. "Bwanji ali m'mbuyo chonchi?"

"Dikirani, achemwali. Akudziwa chimene akuchita."

Ankadziwadi. Amene anayamba ndi moto aja anayamba kuzima mmodzimmodzi. Edina ankangowadutsa mwakachetechete, mapazi opanda nsapato akugunda pansi mofanana, osacheuka. Mmene woyang'anira mpikisano ankaimba chitsulo chodziwitsa kuti yatsala raundi imodzi, mwana wathu anali patsogolo, womutsatira ali patali ndithu. Ine, munthu wamkulu ndi imvi zanga, ndinaimirira n'kuyamba kukuwa. Nditacheuka kuti ndiwauze achemwali kuti mwaonatu, pamene anakhala paja panali mapatapata okha ndi makoko a nachesi.

Anali m'bwalo.

Anathamanga akuimba nthungululu, chitenje chachiwiri chija atachitambasula ndi manja onse awiri, nakumana ndi mwana wawo pokhota. Anamufunditsa chitenjecho n'kumukumbatira, uku dzanja lina likulimbana ndi kumupanikiza ndalama m'khosi mwa jezi. Edina anayesa kuzemba. Chitenje chinatsetserekera m'miyendo, ndipo mayi ndi mwana anagwera limodzi m'fumbi.

Mwana anadzuka bondo likuchucha magazi. Atsikana awiri anali atadutsa kale. Anawathamangitsa ndi mphamvu zonse zimene anasunga, moti anangotsala pang'ono kumupeza wachiwiriyo. Koma bwalo linatha. Edina anakhala wachitatu.

Sanalire. Anakhala pa udzu mpaka mpweya utabwerera, kenako anapisa dzanja m'jezi, natulutsa ndalama ija itanyowa ndi thukuta, n'kukawabwezera mayi ake ndi manja awiri. Mtima unandiwawa kuposa akanati alire.

A Tembenu anapita kukadandaula kwa oweruza. Oweruzawo anamvetsera mwachifundo, ena akubisa kuseka. Mmodzi anati, "Aphunzitsi, akanamugwetsa mnzake wopikisana naye, bwenzi tikukamba zina. Nanga mayi ake omubereka tiwalange bwanji?"

Achemwali ndinakawapeza pansi pa mtengo akusasa fumbi m'chitenje.

"Achemwali, mwachita chiyani? Simunamve kuti kwatsala raundi ina?"

"Ndinamva. Ine si mwana."

"Nanga bwanji?"

"Inu simunawaone azakhali ake aja? Anali atayamba kale kumasula chitenje. Anthu oti sanagulepo ngakhale kope limodzi, mwana akadwala sabwera, ndiye akhale oyamba kumufupa mwana wanga anthu onse aja akuona? Ayi. Ndimafuna anthu adziwe kuti mwana ndi wandani." Anapukusa mutu, kenako anawonjezera motsitsa mawu, "Komanso anali atawina kale, achimwene. Aliyense amaona."

Anali atawina kale. Mawu amenewa ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe lero, chifukwa si a achemwali anga okha. Tonsefe timawanena, ndipo timawachita.

Musandimve molakwa. Kufupa ndi mwambo wabwino ndipo ine ndimaukonda. Wa kwaya akatsitsa nyimbo bwino timamufupa. Wovina akadula chiuno bwino timalowa m'bwalo n'kumuika kanthu pamphumi. Akwati timawafupa mpaka dzuwa kupendeka. Koma woimba ndi wovina angathe kulandira uku akupitiriza. Wothamanga sangathe. Ndipo zinthu zambiri zimene timazifuna pamoyo, kaya sukulu, kaya nyumba, kaya munda, kaya bizinesi, n'zamtundu wa liwiro. Vuto lathu n'lakuti zonse timazitenga ngati gule.

Taonani mmene timapatsirana maina. Mwana akangosankhidwa kupita kusekondale yogonera konko, tayamba kale kumutchula adokotala, ndipo abale ayamba kumuonetsa pamene pakuwawa. Munthu akangoumba njerwa, asanaotche n'komwe, ndi alandilodi. Mnyamata akangolembetsa kusukulu yophunzitsa galimoto, ndi adalaivala, ndipo alipo kale ofuna kuti adzawatengere katundu kumalire, ku Zobue. Chimanga chikangomasula ngayaye, ena ayamba kale kulonjeza matumba kwa apongozi. Edina yemweyu kwathu amamuitana kuti anesi, chonsecho mayeso a Fomu 4 sanawaone n'komwe.

Kodi munthu amene mwamupatsa kale dzina la kumapeto, mukuti athamangirenso chiyani? Ena amakhuta dzinalo n'kukhala pansi. Ena limawalemera, moti zikakanika sabwereranso kumudzi chifukwa cha manyazi. Ndikudziwa anyamata angapo amene akungozungulira m'tauni chifukwa kwawo anawatcha kale mabwana.

Masiku ano ngakhale ana a sukulu ya mkaka ali ndi mwambo wotsiriza maphunziro. Mwana woti sanadziwe kumina yekha wavala mkanjo wakuda ndi chipewa cha ngodya zinayi, makolo abwereka masipika, aphika mpunga, ajambulitsa zithunzi zopachika pabalaza. Watsiriza chiyani? Wezulo yangolira kumene.

Za chitukuko ndiye musachite kunena. Pa zaka zimene ndayenda m'midzi ya kwa Nthache ndi kwina, ndaonerera miyambo yambiri yoika mwala wa maziko. Tsiku limenelo kumakhala matenti, magule, malaya olembedwa dzina la ntchitoyo, ndi zolankhula mpaka njala kukupotokola. Aliyense amafuna aoneke pachithunzi atagwira fosholo. Pitaniko patapita zaka. Mwala uja mukaupeza, wolembedwa bwino, mbuzi zikuusa pomwepo. Koma ndi kangati munaitanidwa kumwambo woti ntchito yatha, denga lafoleredwa, chitseko chikutsekeka? Mphamvu zonse timathera poyambira, ndipo pofika nthawi ya denga aliyense amakhala ali kumwambo wina woika mwala wina.

Palinso kulowa m'bwalo kwina kumene kumachitika m'mabanja mwathu. Mwana akangopeza kantchito, kapena kagolosale kake kakangoyamba kuyenda, mtundu wonse umadumpha laimu. Timabwera ndi nthungululu, ndi madalitso, ndi mawu oti ndife tinakulera. Aliyense afuna amugwireko. Amene anati chaka chino amaliza maphunziro a madzulo, kapena afolera nyumba, amapezeka ali pansi atakulungidwa ndi zofuna za abale. Kenako ife tomwe timayamba kufunsana kuti kodi mwana uja chinamugwera n'chiyani, mmene anayambira bwino muja.

Ine sindine wothamanga. Ndikathamangira minibasi ndimafika ndikupuma ngati ng'ombe ya pangolo. Koma mwana wa mlongo wanga wandiphunzitsa kanthu. Wothamanga amadziwa pamene pali mzere asananyamuke, ndipo mzerewo susuntha chifukwa choti watopa, kapena chifukwa choti anthu ayamba kukondwa. Zolinga zathu ife zilibe mzere. Funsani munthu chimene akufuna chaka chino, akuyankhani kuti akufuna kutukuka, kapena kuti zinthu ziziyenda. Ziyende kufika pati? Nyumba yake ya zipinda zingati, ithe mwezi uti? Sadziwa. Ndiye poti sitinanene pothera, paliponse pamene pamveka nthungululu timayesa kuti tafika.

Mtengo wa mango uja a Tembenu anauika kuti Edina aziudutsa, osati azikhala pamthunzi pake. Kuumba njerwa ndi mtengo wa mango. Kukhoza Sitandade 8 ndi mjigo. Kondwani, palibe akukuletsani, koma miyendo isaime. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Ife mwambiwu timautenga ngati wochenjeza opupuluma okha, koma ukunenanso za amene ali patsogolo ndi abale awo.

Ndipo tikumbukire kuti raundi yomaliza ndi imene imapweteka kwambiri. Munthu amakhala watopa, chifuwa chikutentha, ndipo chimene amafuna kwa ife ndi mawu, osati manja. Kuwani, imbani, pempherani, mutchuleni ndi dzina la agogo ake ngati mukufuna, koma muli kunja kwa laimu. A Tembenu ndi amene anavutika ndi mwanayu kuposa tonsefe pa zothamangazi, koma mpikisano wonse anaima kunja atapinda manja, akungoyendetsa milomo. Kodi iwo sankafuna kuti anthu adziwe kuti mwana ndi wa sukulu iti?

Ndikudziwa chimene ena munene. Munena kuti moyo wa kuno ndi wosadalirika, ambiri amene amayamba safika, ndiye fodya ndi uyu ali pamphuno, tivine lero poti ng'oma ikulira. Ndikukumvani. Achemwali anga aona zokondweretsa zochepa pamoyo wawo. Mwanayu analera okha, ndi khasu m'manja ndi dengu pamutu. Loweruka lija, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anamva khamu la pa Boma likukuwa dzina lochokera m'nyumba mwawo. Ndani sangasokonezeke mutu? Chikondi chawo sindikuchikayikira ngakhale pang'ono.

Koma tiyeni tinene mosapsatira. Chimene chinawavula mapatapata sichinali chikondi chokha. Panali kufuna kuoneka pambali pa wopambana, ndiponso kuopa kuti wina aonekapo poyamba. Akanadikira kanthawi kosakwana n'komwe kusenda nachesi n'kulidya, bwenzi chitenje chomwecho atamufunditsa mwana ali ndi ulendo m'manja, ndipo bwenzi sabata ino ali kwa telala kusoketsa diresi yoperekezera. Azakhali amene ankapikisana nawo aja, atangoona kuti mwana wakhala wachitatu, anapinda ambulera yawo n'kumapita, osapereka ngakhale moni.

Lamulungu masana ndinawaperekeza pasiteji ya matola a ku Thambani. Chichokere kubwalo, mayi ndi mwana anali asanalankhulane zambiri. Achemwali anamugulira buledi ndi chakumwa, kumene ndi kupepesa kwa makolo athu, poti mawu oti pepa kwa mwana satuluka pakamwa. Edina analandira, nathokoza, koma sanadye.

Achemwali ali mkati mokangana ndi kondakitala za malo oika dengu, Edina anandikokera pambali akutsimphina, bondo atalipaka mankhwala a jivi.

"Amalume, a Tembenu akuti bondo likapola ndiyambirenso. Chaka chamawa ndiye lasiti, ndidzakhala ndili Fomu 4."

Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndiye kuti Blantyre wafika kale, koma ndinadziluma lilime. Ndinangoti, "Ndi bwino, mwanangu. Limbikira."

"Koma ndili ndi pempho." Anayang'ana kumene kunali mayi ake, natsitsa mawu. "Tsiku likadzadziwika ndidzakuuzani inu nokha. Amayi musadzawauze. Ndidzanena kuti ndikubwera kwanu kudzawerenga. Adzamve ndikadzamaliza."

Kondakitala anamenya chitsulo, mwana anakwera, nakhala pambali pa mayi ake, ndipo galimoto inanyamuka. Ukali umene ndinali nawo unasanduka chisoni. Mayi amene anamubereka kumsana, amene amasenza dengu kuti iye akhale pasukulu, tsiku limenelo adzakhala kumunda osadziwa kanthu. Ndipo wowabisira si mdani. Ndi mwana wawo, amene amawakonda.

Timakonda kunena kuti anthu amabisa mapulani awo poopa ansanje ndi afiti. Wina amamanga nyumba ku Blantyre mwakachetechete, wina amalemba mayeso osauza munthu, wina amatenga pasipoti mobisa, ife n'kumati ndi odzikonda. Kodi inu amene mukuwerenga, mwana wanu akukubisirani chiyani chaka chino, osati chifukwa mumamuda, koma chifukwa akudziwa kuti simungadikire?